Dzanja la Gani

Loweruka, 15 Malichi

Makasitomala asanu ndi awiri basi tsiku lonse. Wina akuti ndamucheka khutu pometa. Bodza, anagwedezeka yekha.

Kwatsala masabata awiri. Pa 29 kumwamba mwezi kulibe, gulu lathu lonse la oonera nyenyezi likwera phiri ku Tanay. Kukasaka timitambo ndi magulu a nyenyezi 110 a pa mndandanda wa Messier, usiku umodzi, dzuwa kulowa mpaka kutuluka. Chaka chatha ine ndi mnzanga Gani tinapeza 107. Chaka chino zonse, zivute zitani. Ndi manja, osati makina.

Ndapukuta galasi la telesikopu. Lomwe lija tinapera tokha ine ndi Gani kuseri kwa shopu, miyezi isanu ndi inayi, zala zonse matuza. Zaka 19 zapitazo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mkazi wanga Nening wabwera ndi nkhani kuchokera kumsika, wamva kwa mkazi wake wa Gani. Gani wagula telesikopu ya kompyuta! Ija umangodina nambala, iyo n'kulira ngati udzudzu, n'kuloza yokha. Gani yemweyu, amene ankati anthu a mabatani amakwera phiri ataberekedwa kumbuyo.

Dzulo lomweli anali pampando wanga ndikumumeta. Za basiketibolo, za shuga wake, za mtengo wa anyezi. Za ichi, zii.

Mpunga wandikanika.

Loweruka, 22 Malichi

Ndinapita kwa Gani. Chinthucho chilipodi, pabalaza, choyera mbee, chikadali m'mapulasitiki. "Pare, mnzanga, khala pansi kaye ndikufotokozere." Sindinakhale. Khofi wawo sindinamwe.

Afotokoze chiyani? Zaka zonsezi iye mapu ndi tochi yofiira, ine kukankha mpope wa telesikopu. Kuchokera pa nyenyezi yowala zala ziwiri kumanzere, dumpha titatu tating'ono, tsika pang'ono. Ndikapeza ndimakuwa, iye amasuzumira, amatsimikiza, amasaina. Lamulo la gulu ndi limenelo, chinthu sichiwerengedwa popanda mboni. Nanga makina akufuna mboni yanji? Wandisinthanitsa ndi mabatire.

Ndapempha Ate Cora, mlembi wa gulu, akhale mboni yanga. Sanyengerera munthu mayi uja. Bola.

Lamulungu, 30 Malichi

Ndilemba zonse.

Kumwamba kunali koyera, mtambo ngakhale umodzi. Gani anaimika chinthu chakecho kutali, pafupi ndi khola la mbuzi. Nditafika pa M74, nambala 74 pa mndandanda, ndinakuwa, ndaipeza! Ate Cora anasuzumira nthawi yaitali. "Mang Pinong, mulibe kanthu umu." Ndinati vuto ndi maso ake. M33 chimodzimodzi. Pofika pakati pa usiku ndaphonya khumi ndi zinayi. Zonse kuphonyera pafupi, kachala kamodzi kokha. Tinyenyezi tondilondolera tija sindikutionanso bwino. Cha m'ma 3 ndinaphimba telesikopu.

M'bandakucha Gani uyu, mbale ya phala la mpunga m'manja. Ndinamufunsa, nanga 107 ya chaka chatha ija? Maso pansi. "Ndinkangokankhako pang'ono, pare. Posuzumira paja. Unkakhala utafika pafupi ndithu." Kuyambira liti? "Zaka zinayi."

Zaka zinayi! N'chifukwa chake akasuzumira ankati bwera uonenso, yakongola lero. Ine n'kubwerera, n'kuiona ili pakati, n'kumadziguguda pachifuwa. Chitsiru ine. Ndakhala ndikunyoza a mabatani pamaso pa gulu lonse, chonsecho nanenso woberekedwa. Ndipo wondibereka ali chete, akusaina.

Phala lija ndinapatsa galu.

Lachiwiri, 1 Epulo

Ndatsitsa masatifiketi a Messier a zaka zinayi zija pakhoma la shopu. Patsala malo anayi oyera ndi misomali. Makasitomala akufunsa. Ndikuti ndikufuna kupenta.

Nening: "Wakwiya chifukwa anakunamiza, kapena chifukwa wasiya kukunamiza?" Pakamwa pa mayi ameneyu! 

Lachisanu, 4 Epulo

Kuchipatala. Ng'ala, maso onse awiri. Dokotala akuti inayamba kale, zaka zinayi kapena zisanu. Mzere wa opaleshoni mpaka chaka chamawa.

Ndiye Gani anadziwa dokotala asanadziwe, ine ndisanadziwe. Mnzako weniweni sangakuuze kuti pare, pita akakuone maso? Akanandiuza ndikanamutukwana, inde. Komabe akananena.

Lachinayi, 10 Epulo

Gani akusamuka. Kutali ku Davao, kwa mwana wake wamkazi, Isitala ikatha. Shuga uja wafika ku impso. Gulu lonse likudziwa, Nening akudziwa, ngakhale wogulitsa buledi akudziwa. Ine ndamva kwa kasitomala, lezala lili m'manja.

Wadutsa pashopu kawiri lero. Tsitsi lakula. Ndinayang'ana kumbali.

Loweruka, 26 Epulo

Gani anapita Lachiwiri. Sindinakamuperekeze.

Masana ano njinga yamoto yatula bokosi pakhomo. Chinthu choyera chija. Pamwamba pepala, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sukulu, masamba atatu a malangizo. Pamapeto: "Sindinadzigulire ine, pare. Ndikachoka akukankhira ndani? Yamba ndi 13, cha m'ma 10 imakhala itakwera bwino."

Ndinachitulutsa pabwalo kungoona ngati chikugwira ntchito, kuti ndichigulitse. Basi. Ndinatsata malangizo ake, ndinadina 13. Chinalira, chinazungulira, chinaima. Ndinasuzumira. Ili pakati penipeni, mulu wa nyenyezi ngati shuga wotayika patebulo.

Sindinamukhululukire, zimenezo zidziwike. Koma pakamwa panayamba pokha, mokuwa, mpaka agalu a aneba kudzuka. Gani, ndaipeza, bwera utsimi...