Makadi a Silvesta Athamangitsa Mayi Anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Ndunde, ndipo ndikulemba mtima uli ngundangunda. Amuna anga, a Gregorio, anapita ku Joni nthawi ya njala ya 1949, ndipo anabwera chaka chatha ali owonda, akutsokomola. Tinkati ndi fumbi la mumgodi, lidzatha lokha. Dzinja lapitali mwana wathu woyamba, Nikodemo, anayamba chifuwa n'kumawonda, ndipo Pasaka itangodutsa tinamuika m'manda. Tsopano mlongo wake Selestina, yekhayo amene watsala, wayambanso chimodzimodzi.

Kuno kuli a Silvesta, amene anali ndi amuna anga kumgodi. Anabwera ndi makadi a zithunzi oombezera ula, akuti anaphunzira kwa mzungu wina mumzinda wa Debeni, ku Joni komweko. Ine ndinkafuna kupita ndi mwana ku chipatala cha mishoni, koma amuna anga anati tiyambe tamva chimene chikutidya pakhomo.

A Silvesta anayala makadi atatu pamphasa. Lapakati linali ndi kamwana konyamula chikho, ndipo anati ameneyo ndi Selestina. Kumanzere kunali mayi wogwira ndodo, kumanja mayi wogwira lupanga. Anatifotokozera kuti: "Khadi silinena lokha, limamvera anzake oyandikana nalo. Chikho ndi madzi, ndodo ndi moto, lupanga ndi mphepo, khobidi ndi dothi. Madzi akagundana ndi dothi amalimba ngati ali mumtsuko. Akagundana ndi moto amaphwa. Ndiye onani apa, mphepo ikukolezera motowo."

Amuna anga anafunsa kuti, "Nanga motowo ndani?" A Silvesta anayankha kuti, "Pakhomo panu amayenda ndi ndodo ndani?"

Aphungu, amayenda ndi ndodo ndi mayi anga, a Bernadetta, amene miyendo inafooka chichokere njala ija. Ndiwo anandilelera anawa bambo awo ali kutali. Amuna anga atafika kunyumba anawatchula mfiti anthu akumva. Mayi sanakane, sanalire. Anangoti, "Ngati ndine moto, ndichoke kuti mwana achire." Anapinda mphasa yawo n'kupita kukakhala m'chisakasa cha kudimba, ndipo ali komweko m'kuzizira kwa Juni kuno.

A Silvesta akuti ine ndine mphepo ija, chifukwa ndimawapatsira mayi chakudya. Amuna anga andiletsa kupondako. Akufuna kutenga Selestina kupita naye kwa alongo awo ku Kadewere, amene a Silvesta akuti ndiwo dothi. Dzulo ndinazemba kukawaona mayi, ndipo anandibweza ndili patali. Anati, "Bwerera, mwana wanga, usatengere moto wangawu kunyumba."

Ndine Mkatolika, ndikudziwa kuti kuombeza ndi tchimo. Koma ndikamva mwana akutsokomola ndimadzifunsa kuti, bwanji ngati makadi ananena zoona? Ndisankhe ndani, mayi kapena mwana?

E. G., Ndunde, Chiradzulu

Mayi E. G.,

Pepani ndi imfa ya Nikodemo. Koma musasankhe pakati pa mayi ndi mwana, chifukwa onse awiri ali pangozi ndipo onse akufunika inuyo.

Tiyambe ndi makadiwo. Zoti moto umaumitsa madzi ndipo mphepo imakoleza moto, aliyense wophika amazidziwa. Koma pakhadi paja panalembedwa dzina la mayi anu? Ayi. Anawatchula ndi a Silvesta, munthu wodziwa bwino khomo lanu, amene wawaona mayi anu akuyenda ndi ndodo kambirimbiri. Akanasakaniza makadiwo n'kuyalanso, pambali pa mwana pakanagwa chithunzi china, ndipo lero m'chisakasa mukanakhala munthu wina. Mayi anu analera ana amenewa pa njala, anthu akugwa m'njira. Bwanji sanawadye nthawi imeneyo, pamene palibe akanafunsa?

Mawa m'mamawa berekani Selestina mupite naye ku chipatala cha mishoni. Musadikire chilolezo cha munthu. Mukawauze asisitere zonse: kuti mlongo wake anamwalira ndi chifuwa, ndiponso kuti bambo awo anabwera ku mgodi akutsokomola. Ine si dokotala, koma amuna ambiri abwera ku Joni ndi chifuwa chachikulu, ndipo chimafala pakati pa anthu ogona nyumba imodzi. Amuna anu akayezedwe, inunso muyezedwe. Kupita ndi mwana ku Kadewere n'kungosamutsa matenda kukapatsa ana a eni.

Musakanene kwa a Gregorio kuti motowo ndi iwo. Mukatero mwachita zomwezo za a Silvesta. Bamboyu anakumba pansi zaka zonsezo kuti ana ake adye, wabwera n'kuika mwana wake m'manda. Akufuna wina womuloza chala chifukwa mwina mumtima akuopa kale chifuwa chakecho. Alankhuleni mofatsa, koma za chipatala musagonje.

Za mayi anu musalimbane nazo nokha. Mudziwo ndi wanu, amuna anu ndi mkamwini, alibe mphamvu yothamangitsa apongozi awo pamalo pawo. Musananyamuke tumizani uthenga kwa amalume anu ndi ankhoswe a mbali zonse, akawatenge mayi lero lomwe. Pemphani akatekisiti apite nawo, chifukwa mayiwo akhulupirira bodzali, ndipo sadzabwera pokhapokha munthu amene amamulemekeza awauze kuti alibe mlandu. Ngati aopa kugona pakhomo panu, ayambe akhala kwa amalumewo, pali moto wootha ndi chofunda. Ankhoswe akawakumbutsenso a Silvesta kuti kutchula munthu ufiti ndi mlandu ku Boma.

Sindikulonjezani kuti Selestina achira, chifuwa chimenechi n'choopsa ngakhale m'manja mwa madokotala. Koma chenjerani ndi kuzengereza. Nkhalamba yofooka siingapirire chisanu cha kudimba, ndipo mwana wotsokomola sadikira kuti akuluakulu agwirizane. Mukachedwa mudzalira maliro awiri, ndipo pamaliropo anthu adzati makadi ananena zoona. Nyamukani mawa.

Aphungu