Achimwene Asayendetse Basi Lolemba

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, ndipo kufakitale ndi zomwe zija, tsiku lonse kumata tiziwaya m'mawailesi mpaka khosi kuuma. Koma mtima wanga suli m'malo. Kawiri konse ndakuimbirani foni kuti ndikuuzeni, kawiri konse ndathera kukamba za mvula. Ndiye ndati bola ndilembe. Kalatayi ndapatsira mnzanga wa kuntchito amene akudzera kumeneko, ikupezani Lachisanu. Chonde muiwerenge nthawi yomweyo, muli nokha.

Nkhani ndi ya achimwene. Mukuwadziwa kuti kuyambira ali mwana sangaone wailesi osaimasula. Kuno matenda aja anakula, mpaka anandipatsira ine. Chipinda changa chili pansanjika yachinayi, chawo chili kutsidya kwa njanji, ndipo mawindo athu amayang'anizana ngakhale kuti wapansi ndi ulendo wa mphindi khumi.

Chaka chatha anabwera ndi nzeru yoti tizitumizirana mauthenga pa kuwala. Aliyense anamangirira pawindo lake kanyali ka leza, kaja kamaponya kadontho kofiira patali, pamodzi ndi paipi yamadzi yokhala ndi galasi lokulitsira zinthu kutsogolo ndi kadiso kamagetsi kumbuyo. Ukalemba mawu pakompyuta, kanyali kamaphethira mofulumira, kadiso ka mnzako n'kuwerenga kuphethirako, mawu n'kutulukira pakompyuta yake.

Ndinawaseka kuti akudzivutitsiranji, tonse tili ndi foni m'thumba. Anandiyankha kuti foni ali nayo aliyense, koma ichi tapanga ndi manja athu. Ndisaname, tsiku limene uthenga woyamba unafika, wondifunsa ngati ndadya, ndinavina ndekha m'chipinda ngati wamisala. Nkhunda ikadutsa, mawu ankaduka pakati. Sitima ikagwedeza nyumba, kadontho kankasochera, ife n'kuyambiranso kulozetsa.

Kusocherako n'kumene kunatiputira. Mayi wina wokhala m'munsi mwa achimwene anakadandaula kwa eni nyumba kuti kadontho kofiira kakumayenda pamakatani ake, ndipo sakudziwa amene akumulonda. M'malo mosiya, ife anzeru tinagula tinyali ta kuwala kosaoneka ndi maso, konga kumene kumatuluka mu rimoti ya TV, koma kwamphamvu zedi kuti kuzifika patali.

Achimwene anandichenjeza okha. Anati kuwala kofiira kukalowa m'diso, diso limatsinzina lokha, koma kosaonekaku limangokulandira mpaka kupsa, mwini wake osadziwa. Choncho tinaika lamulo lakuti wina akafuna kulozetsa paipi yake ndi zoonera patali, aziyamba waimba foni, mnzake achotse batire la kanyali, aliike patebulo, ndipo asalibwezere mpaka foni iliranso.

Lamlungu lina masana, pafupifupi masabata awiri apitawo, anaimba. Ndinachotsa batire, n'kuligogoda patebulo kuti amve. Anati mphindi khumi zokha. Ndinatsuka mbale, ndinayanika zovala, ndinakhala pansi, foni zii. Mukudziwa mmene amaiwalira. Ndinati awa amaliza kalekale, panopa akusaka kasikulu komangira wailesi pansi pa bedi. Ndinabwezera batire, n'kuwalembera mawu owaseka, kuwafunsa ngati agona.

Achemwali, anali adakali pawindo, zoonera patali zili m'maso, akuyang'ana windo langa. Magalasi a zoonerazo anasonkhanitsa kuwala konse n'kuwathira m'maso. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndine, phula adya ndi achimwene.

Akuti sanamve ululu, anangoona ngati china chathwanima. M'mawa mwake anadzuka ndi banga pakati pa chilichonse chimene ayang'ana, lalikulu ku diso lamanja, laling'ono ku lamanzere. Dokotala wa maso anati kumbuyo kwa diso kwapsa, mwina banga lichepa pakapita miyezi, mwina likhala choncho. Anawaletsa kuyendetsa galimoto mpaka awaonenso. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira kuti achimwene anditchule. Anauza dokotala kuti anadzipweteka okha.

Mpaka lero sanandikalipire. Uthenga wanga uja unafika ndithu pakompyuta yawo, ndi nthawi yake yomwe, ndinauona ndi maso angawa. Iwo anangoufufuta n'kundifunsa ngati ndabwera ndi shuga. Bola akanandimenya mbama.

Tsopano chimene chikundidya n'ichi. Kuntchito kwawo anangonena kuti mutu ukuwawawa, anawapatsa masabata awiri. Masabatawo akutha, ndipo Lolemba likubwerali akuti akubwerera kukayendetsa basi yawo. Kalata ya dokotala anaipinda n'kuiika pansi pa bokosi la zitsulo. Akuti akaionetsa, mpando wawo apatsa wina tsiku lomwelo, nanga ana awo kumeneko adya chiyani? Akutinso msewu wa basiyo auyenda zaka zisanu ndi zinayi, angathe kuudutsa atatsinzina.

Koma ine ndikuwaona. Akamawerenga foni amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Dzana ndinawapempha kuti atseke diso lamanzere andiyang'ane. Anaseka, nati akuona tsitsi, makutu ndi mapewa, koma nkhope palibe, ndipo sanataye kanthu poti nkhopeyo anatopa nayo. Ine sindinaseke.

Dzulo ndi pamene zinafika poipa. Tinkachokera kogula mankhwala a m'maso, tikufuna kuoloka msewu. Anayang'ana uku ndi uku bwinobwino, n'kuponda mumsewu. Njinga yamoto inali ikubwera molunjika pomwe ankayang'anapo. Ndinawakoka malaya mpaka batani kuthothoka. Wanjingayo anatitukwana n'kupita. Achimwene anati dzuwa linawathobwa. Kunali mitambo, achemwali.

Basi yawo imadutsa pasukulu ziwiri ndi pamsika. M'mawa ana amaoloka mothamanga, zikwama zili bekubeku kumsana, osayang'ana n'komwe. Mwana ndi wamng'ono kuposa njinga yamoto. Kuntchito ndawotcha kale zala ziwiri ndi chitsulo chomatira chifukwa maganizo ali kwina. Ndili ndi mantha, mantha enieni.

Ndayesa kuwauza. Anangondiyang'ana, cham'mbali monga akuyang'anira masiku ano, nandiuza kuti ndizidya zanga. Anandiletsanso kuuza aliyense kumeneko. Ndipo ine pakamwa pandilemera, pakuti ndingawaletse bwanji ntchito munthu amene ndawawotcha maso ndi dzanja langa? Ndaganizapo zopita ndekha kwa abwana awo, koma ndikatero ndiye kuti ndawalanda maso, ndawalandanso ntchito. Ndasowa mtengo wogwira.

Pempho langa ndi limodzi. Chimwalirire bambo, munthu amene achimwene amamumvera ndi inu nokha. Muwaimbire Loweruka, musadikire Lamlungu chifukwa amazimitsa foni pokonzekera ntchito. Musawafunse ngati ali bwino, akunamizani ndipo mukhulupirira. Muwalamule kuti atenge kalata ya dokotala apite nayo kuntchito. Mwina angawapatse ntchito ya m'galaja, poti manja awo sanapse ndipo injini amaidziwa ndi khutu. Akakana, muwauze kuti Lolemba m'mawa akandipeza ine nditaima pageti ya mabasi, ndipo ndikalankhula.

Amayi musawauze kaye, ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga. Koma achimwene akakufunsani kuti mwamva kwa ndani, musandibise. Muwauze kuti ndine. Ngati adane nane, adane nane ali panyumba, osati ali kupolisi mwana wa eni ake ali gone pamsewu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa akazi a achimwene ndi ana awo, kwa azakhali ndi onse apakhomo. Loweruka foni yanga ikhala m'manja tsiku lonse. Mukangomaliza kulankhula nawo, mundiimbire, ngakhale yankho litakhala loipa.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime