Mipata ya m'nyimbo ya amayi

Wokondedwa Noel,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Ife kuno ku Kanjedza tili bwino, likutivuta ndi fumbi basi.

Useke usaseke, mchemwali wakone ndayamba kuphunzira kusakaniza nyimbo pakompyuta. Akundiphunzitsa a Abdala, aja ankayendetsa minibasi ya ku Mpingwe. Pano ali ndi kasitudiyo kuseri kwa shopu yawo ku Limbe. Akuti nyimbo ili ngati minibasi, aliyense akhale pampando wake: woimba kutsogolo, ng'oma pakati, gitala chakumbali, besi kumbuyo. Akutinso wophunzira amathamangira kukweza zonse, chonsecho ntchito yeniyeni ndi kutsitsa.

Ndinapita ndi nyimbo ya Chisena ija ndinawajambula amayi pafoni akuchapa, asanayambe kudwala. Ndikufuna idzamveke tsiku lovundukula chiliza chawo mwezi wamawa. Nditavala mahedifoni n'kutsitsa phokoso la madzi, Limbe yense anazimirira. Ndinkangoona thovu m'manja mwawo ndi chitenje chobiriwira chija chikuuluzika pachingwe, ngati ndikulota dzuwa likuswa mtengo.

Koma amayi ankati akaimba mzere umodzi, zii, kenako n'kupitiriza. Ine ndi nzeru zanga za dzulodzulozi ndinadula mipata yonseyo kuti nyimbo iziyenda. A Abdala atamvetsera anapukusa mutu. Anati mayi ameneyu sanaiwale mawu, akudikira wina kuti avomere, ndiye ndibwezeretse mipatayo.

Noel, ndinalira. Wovomera nyimbo imeneyi unali iweyo, ndi besi lako lija tinkakuseka nalo kuti likuopseza nkhuku.

Ndikudziwa zikukupweteka kuti sunafike pamaliro, n'chifukwa chake suyankha mafoni athu. Palibe akukuimba mlandu, mlongo wanga, tangokusowa. Ndinayesa kuikamo mawu anga, koma ndi opyapyala, akungoyandama pamwamba pa mawu a amayi.

Ngati kubwera kukanike, lowa m'chipinda, utseke chitseko, foni isayandikire kwambiri pakamwa, uvomere momwe unkachitira muja, unditumizire. Ngakhale mawu atanjenjemera usafufute, sindidzakonza chilichonse.

Nyimboyo ndakutumizira kale pafoni, mipata yonse ili momwemo. Uitsegule. Amayi aimba mzere woyamba, akukudikira.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine mchemwali wako,
Lines