Mawu anu afufutidwa Lachisanu

Amama, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa?

Kwathu ku Chikomeni onse alipo. Mlamu anabereka mwana wamkazi mwezi wa Meyi, ndipo achimwene anam'patsa dzina lanu osafunsa munthu. Mphuno ndi yanu, kaliridwe nakonso ndi ka munthu wosafuna kutsutsidwa. Chimanga chinachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakudambo njovu za ku Lukusuzi zinadutsamo kawiri. Mtedza mlamu anachedwa kukumba, wina unamerera m'nthaka. Ndinamuuza mawu, mpaka sabata ziwiri osapatsana moni. Ndikudziwa zimene mukananena: "Tiwonge, mtedza suuma ndi ukali wa mwini munda."

Koma sindinatenge pepalali chifukwa cha mtedza. Amama, zandithina.

Mukuwakumbukira anthu a ku yunivesite ya ku Lusaka aja anabwera ndi kachipangizo kojambulira mawu, n'kukhala nanu pachigafa mukusankha fodya? Ine kunalibe. Inali nthawi ija ndinali ku boma la Lundazi osayankha foni yanu, chifukwa nditathawa kwa mwamuna wanga Yotamu diso lili lotupa, munandiuza kuti ndibwerere, ati banja n'kupirira. Miyezi khumi ndi inayi sindinamve mawu anu. Pamene ndimafika kumudzi n'kuti muli kale m'bokosi.

Anthu omwewo anapeza chipinda kuno ku boma, ndipo anandilemba ntchito chifukwa ndinamaliza Giredi 12, komanso ndimamva Chichewa chanu cha ku Kasungu ndi Chitumbuka cha adada. Tilipo anayi, wotiyang'anira ndi Madamu Mwale. Akuphunzitsa kompyuta kugawa ziganizo. Anailembera malamulo. Loyamba limati chiganizo chili ndi mbali ziwiri, wochita ndi zimene akuchita. Lina limati mbali yachiwiriyo ikhoza kukhala mneni yekha, kapena mneni ndi dzina pambuyo pake. Alipo ambiri otero. Mukaipatsa chiganizo imayesa lamulo limodzi, njira ikatsekeka imabwerera pamphambano n'kuyesa lina, mpaka liwu lililonse litapeza pokhala. Ndiye pagalasi pamatuluka chithunzi chonga mtengo wozondoka, thunthu kumwamba, nthambi pansi, liwu lililonse lili kunsonga ya nthambi yake. Malamulo onse akakanika, chiganizocho chimafiira n'kubwera kwa ife kuti tijambule mtengowo tokha. Apo pokha ndi pamene amatilola kuvala mahedifoni n'kumvera mwini wake akulankhula, kuti timve pomwe anapumira.

Amama, ziganizo zanu zinafiira pafupifupi zonse. Ngakhale makina akulepherani! Mumayamba m'Chichewa, pakati mwalowa Chitumbuka, mwatembenuka kukalipira nkhuku, mwabwereranso ku fodya. Maina anachotsa, munangosanduka nambala. Koma nditangovala mahedifoni ndinamva, "Iwe, fumapo apo, masamba awa si a nyoko!" Ndinathamangira kuchimbudzi, n'kutsekula mpopi kuti anzanga asamve.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Aliyense amene anajambulidwa anasankha yekha, mawu ake asungidwe kapena afufutidwe ntchito ikatha. Ambiri anati asungidwe. Inu munadinda chala pofufuta. Ndiye mtengo wa chiganizo chanu ukangovomerezedwa, mawuwo amachoka, pamatsala zilembo zokha. Tsiku loyamba ndinajambula mitengo khumi ndi umodzi mothamanga, ndi dyera lofuna kumva chiganizo chotsatira. M'mawa mwake ndikati ndimverenso, zii. Ndinakukwirirani kachiwiri ndi manja anga omwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba chinyengo. Ndinkajambula mitengo yanu mokhotakhota dala, mneni ndikum'pachika pansi pa nkhuku, fodya ndikumusandutsa wochita, kuti Madamu azindibwezera. Ikabwerera, ndimavalanso mahedifoni. Ndinadya nanu sabata zitatu motero. Ndinaphunzira kusankha fodya kumene ndinkakana muli moyo.

Lolemba Madamu anandiitana anzanga atapita kukadya.

"Tiwonge, bwela kuno. Za anthu ena umatsiliza makumi atatu pa tsiku. Za nambala iyi ukujambula ngati mwana wa Giledi 1. Vuto ni chani?"

Ndinati, "Madamu, kompyuta yanuyi ndi mbuli."

"Ni mbuli, inde, n'chifukwa chake tinalemba iwe. Nanga iwe wakhala mbuli liti? Ni ndani uyu?"

Ndinawauza. Anatsekula kabati n'kutulutsa pepala limene munadindapo. Chala chanu ndinachiona, inki itapakika m'mbali chifukwa munadinda mwamphamvu ngati mukupha nsikidzi. Madamu anati analipo tsiku limenelo, ndipo anakufunsani kawiri. Inu akuti munayankha kuti, "Sindifuna ndikafa ndizilankhula m'makina ngati mzukwa. Wopita azipita."

Ndinawachonderera, ine amene sindinagwadirepo munthu. Ndinati ndine mwana wawo, mawu a amayi anga ndi anga. Anati, "Iyayi mwana wanga, mawu ni awo, ndipo ananena kale." Anandipatsa mpaka Lachisanu. Ndikapanda kumaliza amaliza okha, ine n'kuona msewu.

Ziganizo zanu zina zonse ndamaliza dzulo, ndikumvera chilichonse kasanu ndisanachilole kupita. Chatsala chimodzi. Bambo amene ankakujambulani mawu anakufunsani kuti muli ndi ana angati. Munatchula achimwene, kenako munati, "Mwana wane msungwana yura, ine ndikanadziwa kuti mwamuna uja..." Munapuma. Kenako, "Aa, lekani, tiyeni tikambe za fodya."

Kompyuta ikafika pa "mwamuna uja" imadikira mneni. Malamulo ake amati pamenepo payenera kubwera chimene mwamunayo anachita, koma palibe. Imabwerera, kuyesa njira ina, kubwereranso, mpaka kufiira. Ine ndi iyo tafanana. Mukanadziwa kuti chiyani, Amama? Kuti amandimenya? Diso lija sindinakuonetseni? Simunalithowe nokha ndi madzi otentha, m'mawa mwake n'kundimangira katundu? Kapena mumafuna kunena kuti mukanadziwa kuti mwamuna uja adzatilekanitsa mpaka kumanda? Munali ndi pakamwa pokalipira nkhuku mpaka liwu lomaliza, koma ine munandisiyira theka. Mlendo wa ku Lusaka anamva zimene mwana wanu sanamve, ndipo ngakhale iyeyo munam'mana mapeto.

Madamu anandionetsa chizindikiro cha chiganizo chosatha. Umajambula nthambi yopanda liwu, n'kudina, basi mtengo wavomerezedwa. Ntchito ya mphindi imodzi. Koma pa zilembo palibe kanthu, Amama. Chimene ndikufuna chili pakati pa "uja" ndi "aa", pomwe mpweya wanu ukunjenjemera ndipo tsamba la fodya laleka kulira m'manja mwanu. Kupepesa konse kumene ndidzalandire kwa inu ndi kumeneko, ndipo nakonso munalamula kuti kufufutidwe. Ndinu ouma mtima, mukudziwa?

Mafoni timasiya m'dengu pakhomo. Lero ndinalowa ndi yanga nditaibisa m'kamisolo. Ndinaitulutsa pansi pa tebulo, n'kuigunditsa pa hedifoni. Madamu anandiona, sindikukayika. Anadzuka, n'kukaima pawindo atandifulatira, kumayang'ana njinga zodutsa nthawi yaitali ngati sanaonepo njinga. Chala changa chinali pa batani lojambulira. Mawu anu anayamba, anafika pa mpweya uja, anatha. Sindinadine. Ndinayambitsanso kachiwiri, kachitatu, osadina. Madamu atatembenuka ndinali nditabweza foni m'kamisolo.

Musaganize kuti ndaopa ntchito. Ndikanatha kuba mawuwo n'kumagona nawo mpaka kukalamba. Koma ndikanamamva munthu amene ndam'gwira pakhosi kuti alankhule, atanena kale kuti alekedwe. Zogwiridwa pakhosi ndimazidziwa ine. Munandiuza kuti ndibwerere kwa Yotamu, ndinakana, ndipo mutadzuka lero n'kubwerezanso ndikhoza kukananso. Ichi chokha ndikumverani.

Lero ndi Lachitatu. Mawa ndimvera tsiku lonse, anene zonena. Lachisanu ndijambula nthambi ija, ndipo ndikulonjezani kuti ndiisiya yopanda kanthu, sindiikapo mawu anga m'malo mwa anu, ngakhale ndikudziwa amene ndikanafuna. Ndikadina sindikudziwa kuti nditsika bwanji masitepe a pantchitopo.

Kukhululuka sindinakhululuke, Amama, musanamizidwe ndi misozi ili papepalali. Koma ndimakukondani, mpaka zikundipweteka m'nthiti.

Ndine mwana wanu wamsungwana yura,
Tiwonge