Amayi Kunja kwa Manda

12 Meyi 2005
Zaka ziwiri chimwalirire amayi. Ndakalambula pomwe anagona, kunja kwa manda a mudzi, panjira ya mbuzi. Mawu a azakhali a Dailesi, mlongo wa malemu bambo, akadali m'khutu: "Wobwera wa ku Mozambique, wa mumsasa wa Luwani, sangagone ndi makolo athu." Ndidzabweza ndithu.

3 Juni
Kusukulu kwabwera ofufuza. Kathonje m'tsaya, basi. Akuti DNA imaonetsa njira imene makolo akalekale anadzera pofika kuno, kutsata mzere wa amayi okhaokha. Ndayezetsa. Azakhali nawonso, atamva kuti kuli sopo. Ofufuzawo akuti kuno aliyense anachita kubwera. Aliyense! Mtima wanga mbee.

19 Novembala
Za ofufuza zija zii. Njala yokhayokha. Mbuzi zagumulanso mtumbira, ndaunjikapo miyala. Ndikuloweza zodzawauza azakhali pagulu: wobwera ndinu.

8 Febuluwale 2006
Makalata afika. Yanga: mapu, mzere wofiira wochokera kumpoto, ndi nambala. M'munsi alemba kuti ofanana nambala anachokera kwa mayi mmodzi, zaka zikwizikwi zapitazo.
Azakhali sadziwa kuwerenga. Pamudzi pano wa Chingerezi ndine, wa Fomu 4. Abwera okha.

10 Febuluwale
Abweradi, ndi anzawo atatu, envulopu m'manja. "Tatiwerengera, mwana wa achimwene." Lero ndakhala mwana wa achimwene!
Nambala yawo ndi yanga yomwe. Ya amayi. Ndinayang'ana katatu.
Ndinati, mokweza kuti anzawo amve: "Akuti inu ndi amayi anga ndinu a bere limodzi. Munataya m'bale wanu panjira ya mbuzi."
Za zaka zikwizikwi zija ndinameza.
Azakhali anangokhala padothi. Lero ndadya bwino.

14 Febuluwale
M'mawa ndawapeza pamtumbira wa amayi, khasu m'manja, akulankhula okha: "Achemwali, sindinadziwe." Apempha adzukulu asunthe malire a manda, amayi akhale mkati. Loweruka.
Zomwe ndinkafuna zija. Koma mkwiyo sukutsika. Amayi anawatungira madzi zaka khumi ndi zisanu, sanamvepo mawu oti achemwali. Pepala lalankhula tsiku limodzi, misozi chuchuchu.
Andifunsa ngati kalata ija ikutchula dzina la agogo amene anawabala onse awiri. Ndati ndikawerenganso.
Zoona ndidzawauza. Malire asunthe kaye.