Zimene TV ya Anti Christobel Inkadula M'mbali

Lolemba, 4 Novembala 2024

Masana. Kutentha koopsa, mphepo palibe. Mitambo yakuda cha ku Michiru, koma mvula osagwa.

Ndili ku Chileka, m'nyumba ya anti Christobel, amene amapezera atsikana ntchito zapakhomo kunja. Si anti anga enieni, aliyense amangowatchula choncho. Ndafika dzana kuchokera kwathu ku Lirangwe. Ndege yathu akuti ndi sabata yamawa. Tili awiri, ine ndi Thandizo wa ku Chigaru. Thandizo ndi wapakamwa, amaseka ndi aliyense. Akuti, "Iwe Lettie, ukamakayankha ndi mutu chonchi, kunjako akakubweza kuti atumiza wosalankhula."

Mpanda wautali, mabotolo osweka pamwamba. Geti limakhala lokiya. Mapasipoti ali ndi anti. Mafoni atenganso, akuti akaikemo manambala akunja. Ndatsala ndi kope ili, limagona m'pilo.

Ndege ikamanyamuka malata amanjenjemera. 

Chondilimbitsa mtima ndi Hanifa, mnzanga wapamsewu. Tinkagulitsa limodzi nthochi ndi mtedza m'mawindo a minibasi. Iye ankandilankhulira, ine ndinkamusungira chenji. Anapita chaka chatha kudzera mwa anti omwewa. Chipitireni sanaimbireko mayi ake. Anti akuti mabwana akumeneko salola foni, koma watumiza vidiyo. Tiiona mawa.

Lachiwiri, 5 Novembala

Sitinaione.

Laputopu ya a Chrispin, amuna awo a anti, inasweka galasi. Mkati muli ngati mwatayikira inki. Ndiye amailumikiza ku TV ya pabalaza ndi chingwe chakuda, n'kumaonera pamenepo. Lero TV yakana. Buluu yekhayekha, ndi mawu awiri akuyandama uku ndi uku: No Signal.

Anazula chingwe, kuuzira, kubwezera. Kumbuyo kwa TV kuli mabowo atatu, anayesa onse. Kuzimitsa, kuyatsa. Kenako kuimenya pamsana ngati mwana amene watsamwa. Shati yonse thukuta.

Thandizo anati, "Ankolo, ithireni madzi, mwina yamva ludzu." A Chrispin sanaseke. Anangomuyang'ana, kumuyang'anabe, mpaka Thandizo anadzuka kukatsuka mbale zotsuka kale.

Ndawasowa amayi. Lamulungu lija amayi a Mvano anandiimika kutsogolo kundipempherera, mpingo wonse ukundiona. Ndinkangoyang'ana zala zakumapazi. Lirangwe yense akudziwa kuti Lettie akukwera ndege.

Lachitatu, 6 Novembala

Yayaka. Vuto chinali chingwe, chinathyokera mkati pafupi ndi mutu wake. Akagula china m'tauni. Koma poyamba zonse zinali zobiriwira ngati nkhwani. Akachigwedeza zimafiira, akachikanikiza zimabwerera bwino. Mapeto ake achichirikiza ndi bokosi la machesi.

Hanifa!

Nkhope yadzaza TV yonse. Mpango wadulidwa pamwamba, chibwano chagunda pansi. Akuti, "Ndili bwino. Ntchito ndi yopepuka. Ndikudya bwino. Anzanga bwerani." Basi. Ndinalira. Anti anandisisita pamsana: "Waona mmene wanenepera mnzako?"

Sananenepe. Ndi TV imene yamukuza, ngakhale mphuno yatambasuka.

Chinanso. Hanifa amalankhula mothamanga, mawu kuchita kupondana. Apa ankalankhula ngati akuwerenga pabolodi aphunzitsi ali kumbuyo ndi ndodo. Maso osayang'ana ife. Ankathawira kumbali, kumene chithunzi chathera.

Mwina ndi manyazi a kamera. Inenso ndikanatero.

Lachinayi, 7 Novembala

Kutenthabe. Madzi anasiya kutuluka kum'mawa, tatunga m'diramu.

A Chrispin akwiya tsiku lonse. Akuti TV ikudya m'mbali. Tizinthu timene amadina pansi pa kompyuta sitikuoneka, kamuvi kakafika kumapeto kamasowa, amangodina mongoyerekeza. Mapepala athu a ulendo alakwitsa kawiri. Anaimbira mnzawo wodziwa za ma TV. Ine ndikupukuta mawindo, ndikumva mbali yawo yokha: "Chingwe n'chatsopano, aise. Laputopu ilibe vuto. Rimoti? Batani liti?" Koma rimoti mabatire anatha kalekale.

Masana kunabwera mayi wina pageti. Anagogoda nthawi yaitali, akutchula dzina la mtsikana limene sindikulidziwa. Anti anatiuza tilowe kuchipinda, n'kukweza wailesi. Atasiya kugogoda ndinasuzumira pansi pa geti. Mapazi ake anali pomwepo. Mapatapata osiyana mitundu.

Anti akuti ndi wamisala.

Lachisanu, 8 Novembala

Zimene ndaona lero n'zovuta kulemba. Ndilembabe.

M'mawa ndinali kukolopa kuseri kwa sofa. A Chrispin anaika mabatire atsopano. Anadina kabatani kakang'ono, kapansi kumanzere, kojambulidwa kabokosi. Chithunzi chinachepa, chonse n'kulowa m'TV, m'mbali kutsala mizere yakuda. Anakuwa, "Eyaa! Nthawi yonseyi inali yokuza!" Poyesa anatsegula vidiyo ya Hanifa.

Ndinamuona yense.

Wakhala pakampando. Mafupa apakhosi poyera, diresi kuchita kulendewera. Mkono wamanzere womanga nsalu kuyambira pachigongono. Kumbali kuja kumene maso ankathawira kwaima munthu, nkhope yosaoneka, thupi lokha. Dzanja lake lili pakhosi pa Hanifa, cha kumbuyo.

Ndipo pansi, pantchafu, dzanja lamanja la Hanifa. Chala chachikulu wachibisa m'chibakera, akugogoda ntchafu. Pang'onopang'ono. Osasiya.

Chizindikiro chathu chapamsewu. Minibasi ikaima muli anthu aja okoka beseni galimoto ikamanyamuka, kapena zidakwa zogwiragwira, woyamba kufika sakuwa. Amamwetulira, akugulitsabe, dzanja likugogoda ntchafu. Ndiye kuti: usabwere kuno. Anatiphunzitsa ndi amake Hanifa, iwo anayamba kalekale kugulitsa pamenepo.

Pakamwa akuti "anzanga bwerani." Dzanja likuti usabwere.

Anti analowa. Anayang'ana TV, nkhope gwa. Anati, "Bweza mmene inalili." A Chrispin akuti nanga ntchito agwira bwanji osaona m'mbali. Anti: "Ukakhala wekha chepetsa. Pakakhala anthu kuza. Makolo amafuna nkhope, osati zinazo." Anadina, nkhope inadzazanso TV.

Kenako anti anandiona. "Iwe, uli apo kuyambira liti?" Ndinati ndangolowa kumene.

Anayang'ana pansi. Balaza lonse lonyowa.

Loweruka, 9 Novembala

Ndamuuza Thandizo kubafa, madzi akuthira kuti tisamveke. Anaseka, koma osati kuseka kwake kuja. "Dzanja ndi dzanja, mwina ankadzikanda." Ndinamuuza za mkono, za munthu woima uja. Anati, "Ndiye ndibwerere ku Chigaru ndizikapalira minda ya eni? Anthu atandiperekeza ndi nthungululu? Ndikaona ndekha."

Anti akundikonda mwadzidzidzi. Andipatsa nsapato, andiikira ntchafu ya nkhuku. Akuti, "Atsikana achete ngati iwe ndi amene amakhalitsa kunja." Nkhukuyo ndinaisiya m'mbale.

Ulendo aufupikitsa. Lachiwiri.

Mawa akatuluka kutchalitchi amayi abwera kudzatsanzikana nane. Abwera ndi amake Hanifa, kuti aone vidiyo ya mwana wawo. Ndiwauze bwanji? Anti sachoka pabalaza alendo akabwera. Ndipo ine pagulu mawu amandithawa. Sitandade 6 aphunzitsi atandiimika kuti ndiwerenge ndinangoima mpaka belu. Ndikanena, anti aseka, anena kuti ndi mantha a ndege, ndipo amayi akhulupirira anti. Anti amalankhula bwino.

Koma batani silifuna mawu.

Kapansi kumanzere. Kojambulidwa kabokosi.

Lamulungu, 10 Novembala

M'mawa. Bingu kutali, mpweya wolemera.

A Chrispin ayatsiratu TV, nkhope ya Hanifa yaimitsidwa, yadzaza galasi. Akuti pasapezeke woyandikira, chingwe chingasunthe. Rimoti anaiika pamwamba pa kabati, pansi pa kansalu.

Andiuza kuti ndipukute fumbi.

Tsopano ili m'chiuno, m'mfundo ya chitenje. Ikuzizira pakhungu. Ndikayenda ndikuona ngati aliyense akuimva.

Ambuye, chala changa chisaphonye.

Lolemba, 11 Novembala

Lirangwe. Pamphasa yanga. Dzulo usiku sindikanatha kulemba.

Anawakhazika pasofa, amayi ndi amake Hanifa. Amake Hanifa anakhala chakumapeto, ngati akuopa kuidetsa. A kwa Thandizo sanabwere, thiransipoti inavuta. Vidiyo inayamba. Amake Hanifa manja pachifuwa, misozi: "Mwana wanga uyo! Onani masaya!" Anti akumwetulira.

Ine pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Ndinaitsamiritsa pakabati, dzanja m'chitenje.

Ndinaphonya. Mawu anakwera mpaka makapu kulira, Hanifa kuchita kukuwa "bwerani." A Chrispin anadzuka kufunafuna pansi pa kansalu kaja. Ndinatsitsa chala. Kachiwiri.

Chithunzi chinachepa.

Vidiyo inatha n'kuyambanso yokha. Amake Hanifa anatsika pasofa, kuyenda ndi maondo mpaka pa TV. Sanayang'ane nkhope. Sanayang'ane ngakhale mkono womanga uja. Anaika chala pagalasi, pansi, pachibakera chija chikugogoda. Mawu awo anali apansipansi: "Akuti tisabwere."

Amayi anatembenuka kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Mwana wosalankhula uja.

Anti anayamba kuseka: "TV yakalekale iyi, amayi, imapotoza zithunzi." A Chrispin anazula chingwe, bokosi la machesi kugwa. Buluu. No Signal. Amake Hanifa anakhalabe chogwada, chala chili pagalasi pomwe panali dzanja.

Amayi anati, "Lettie, katenge chikwama."

Kuseka kwa anti kunatha. Akuti pasipoti sindidzaiona. Akuti zimene awononga pa ine tidzabweza. Kenako motsitsa, akundiyang'ana ine ndekha: "Kwanu ndikudziwako."

Geti lokiya. Amayi anamanga chitenje, kuima pakati pa bwalo. Anati akapanda kutsegula akuwa mpaka onse ochokera kutchalitchi adzaze msewu. Amayi anga, amene sakwezera mawu ngakhale mbuzi. Anti anatsegula.

Thandizo anaima pakhonde, atavala nsapato zatsopano zimene anti anamupatsa. Ndinabisa chala m'chibakera, ndinagogoda ntchafu. Anandiona. Anayang'ana kumbali.

Mu minibasi amake Hanifa dzanja lili pantchafu njira yonse.

Lachiwiri, 12 Novembala

Dzulo amayi ndi amake Hanifa anapita kupolisi. Apolisi alemba zonse. Akufuna aone vidiyo. Vidiyo ili ku Chileka, ngati ilipobe. Akuti apitako, ndipo ine ndikakhale mboni. Ndiye kuti ndikalankhule, pamaso pa anthu. Ndavomera. Sindikudziwa mawu ndikawatenga kuti.

Pachitsime azimayi akunong'onezana. Wina anafunsa mokweza, "Kodi ndege yake inali ya kabaza, yobwera msanga chonchi?" Ndinangosenza ndowa.

Pochapa chitenje cha Lamulungu china chake chinagwa m'beseni. Rimoti. Ndinabwera nayo osadziwa. Ndaipukuta, ndaiyanika, ili pansi pa pilo pamodzi ndi kope. Ndiye kuti TV yawo yatsala yoonetsa zonse. Kaya apeza njira ina yoikuzira.

Masana kunadutsa ndege, pamwamba kwambiri, kulowa m'mitambo. Lero ndi Lachiwiri lija. Ndinaiyang'ana mpaka maso kuwawa. Mpando wanga ulibe munthu. Wa pambali pake sindikudziwa.

Amayi anati kukhala m'nyumba sikudyetsa, ndibwerere kumsewu. Amake Hanifa analawirira kale, akuti akakhala pansi mutu uwasokonekera. Ndinaika nthochi m'beseni, ndinanyamuka.

Ndili pafupi ndi siteji ndinaona galimoto yoyera yaima pansi pa mtengo, magalasi akuda. Ngati ya a Chrispin. Pawindo lake paima amake Hanifa, beseni pamutu, akumwetulira, akuonetsa phava la nthochi kwa amene ali mkati. Sanandiyang'ane.

Dzanja lawo lamanja linali pantchafu. Chala m'chibakera. Likugogoda.

Ndinatembenuka, osathamanga, kudzera kuseri kwa chigayo. Ndatseka chitseko, ndachichirikiza ndi mtondo. Amayi ali kumunda, sakudziwa.

Kunja kukumveka kulindima. Bingu kapena injini, sindikutha kusiyanitsa.

Ndalekeza pano. Lachiwiri, 4 koloko madzulo.