Ba Fyson Asiya Kuyimba pa Sowo

Aphungu,

Ndine wocheka matabwa. Chiyambire chilala chija tinkadya chimanga chachikasu, ndimagwira sowo imodzi ndi anzanga ba Fyson, iwo pamwamba pa chipika, ine m'dzenje. Ba Fyson ndi munthu wanyimbo, ndipo sowo inkayenda motsata nyimbozo. Koma mwezi uno angoti zii. Ine ndikakoka iwo sanakonzeke, matabwa akutuluka okhota ngati nthochi, ndipo kalipentala wa pa Rufunsa wanena kuti akapeza ocheka ena.

Mwamuna mnzako sungamufunse za mumtima, ndiye ndinafunsa akazi awo. Anati, "Mwiniwake mumakhala naye tsiku lonse." Ndinafunsa mkulu wa mpingo, anati tipemphere. Ndinafunsanso ba Estina ogulitsa mowa, ndipo pano mudzi wonse ukuti ba Fyson analodzedwa.

Dzulo anandisuzumira m'dzenje muja n'kunena kuti, "Ba Kingsford, ndamva mwalowa upolisi." Kenaka anandithira utuchi kumaso. Akuti inali ngozi.

Ndithandizeni, ntchito ingatithere.

K.M., Shikabeta

Ba K.M.,

Utuchiwo sunali ngozi, ndipo ine ndikanathira wambiri. Mwazungulira mudzi wonse kusiya munthu amene waima pamutu panu!

Kufuna kudziwa zimene zikumudya mnzanu ndi chinthu chabwino, anthu ambiri pantchito amangoona manja a anzawo osaona nkhope. Koma funso likadzera kuseri limasanduka miseche. Choncho yambani ndi kupepesa, osawonjezapo "koma".

Musawafunse muli m'dzenje iwo ali pamwamba. Dikirani nthawi yonola sowo, mutakhala pansi nonse, maso ali pa tupa. Amuna amamasuka pamene sakuyang'anizana. Musanene kuti, "Vuto lanu n'chiyani?" Nenani kuti, "Ba Fyson, nyimbo zija ndazisowa." Mukatero tsekani pakamwa, ngakhale lilime liyabwe.

Ayeseninso kuti musinthane malo. Wapamwamba ndiye amanyamula sowo, ndipo bambo amene msana wayamba kumukana amalolera kukhala chete kusiyana n'kuvomera.

Akayankha kuti "palibe," musawapanikize, mudzafunsenso tsiku lina. Koma chenjerani: wofunsa za mumtima sasankha yankho. Mwina akakuuzani kuti vuto ndi inuyo, kuti mumangolendewera pa sowo iwo akuvutika. Akatero musalumphe. Mezani malovu, nenani zikomo, mawa mukakoke mwamphamvu.

Aphungu